Za Mau Amene Tichula Nao Akazi

Pali funso limene lazungulira maiko zaka zoposa zana limodzi, ndipo tsopano lafika ndi m'midzi yathu yomwe, pa wailesi, m'sukulu za ana athu, ndi m'misonkhano imene anthu aicha ya jenda. Funso lace ndi ili: kodi mwamuna ndi mkazi ali olingana? Likachulidwa pa bwalo, kawirikawiri amuna aseka, akazi nayang'ana pansi, ndipo nkhani ithera pomwepo. Ena ati, Zimenezo nza Azungu. Ena ati, Ndizo zipasula maukwati. Koma ife a mu Eklesia sitingathe kulitaya funsoli ndi phwete, pakuti tsiku la Sabata mbali ya akazi idzala kufikira kukhomo, pamene mipando ya amuna iri ndi mipata. Ndipo cimene cikhudza oculuka a mpingo cikhudza mpingo wonse.

Nzoona kuti mkangano umenewu, umene m'Cingelezi auchula feminism, unamveka kwambiri poyamba kutsidya la nyanja. M'caka ca 1840 munacitika msonkhano waukulu ku London wotsutsa malonda a akapolo, ndipo akazi amene anatumidwa kucokera ku America anakanizidwa kukhala pa mipando ya nthumwi, cifukwa anali akazi. Mmodzi wa iwo, Lucretia Mott, anali mlaliki mu mpingo wa Quaker. M'caka ca 1848 iye ndi Elizabeth Cady Stanton ndi anzao anaitana msonkhano wa pa ufulu wa akazi ku Seneca Falls, ndipo anasonkhana m'nyumba ya mapemphero ya mpingo wa Wesley. Amene ayesa kuti nkhaniyi inabadwa mwa anthu osapemphera akumbukire cimeneci. Akazi a ku New Zealand analoledwa kusankha nao olamulira m'caka ca 1893, ndipo a ku Britain analingana ndi amuna pa cisankho m'caka ca 1928. Zitatha izi, m'zaka za m'ma 1970, anthu a kumeneko anayamba kufunsa za cinenero cao comwe. Pakuti m'Cingelezi liu lakuti "man" litanthauza mwamuna, litanthauzanso munthu. Ndipo ponena za munthu wosadziwika anazolowera kunena "he", ndiye iye wamwamuna, monga ngati mkazi ndi mthunzi umene ungotsata pambuyo. Makani amenewa analowa ndi m'nchito yomasulira Baibulo m'Cingelezi.

Tsono taonani cinthu cokondweretsa. Bvuto limenelo m'Cinyanja mulibe. "Munthu" ndi munthu, kaya abvala citenje kaya buluku. "Iye" ndi iye. "Mwana" ndi mwana, ndipo wofuna kudziwa ayenera kufunsa kuti, Ndi mwana wanji? Mfumu, mphunzitsi, sing'anga, mlimi, mboni, mneneri, mau onsewa salozera mwamuna kapena mkazi. Pakati pa ana a mimba imodzi makolo athu anasamala kwambiri za msinkhu, nati mkulu wanga, mng'ono wanga. Ndipo liu lakuti "mlongo" liri ndi nzeru yace: mwamuna achula mkazi wobadwa naye kuti mlongo wanga, mkaziyonso achula mwamunayo kuti mlongo wanga. Liu limodzi liyenda uku ndi uku, osalemera mbali imodzi. Acewa awerenga mtundu wao potsata amai, nati, Ife ndife a bele limodzi. Ufumu wa Kalonga ndi wa Undi unaturuka mwa Nyangu, ndipo pa kacisi wa mvula wa ku Msinja wamkulu anali mkazi, Makewana, ndiko kunena mai wa ana.

Koma tisafulumire kudzitama. Nyumba ya mizati yabwino ingathe kulowa ciswe, ndipo ciswe sicimveka pakudya. Kucepsa mkazi kumene kulibe m'mafupa a cinenero cathu kwalowa m'manenedwe athu a tsiku ndi tsiku, m'timau tating'ono timene titurutsa osaganiza. Cifukwa cace sitingathe kunena kuti, Cinyanja ndico citikakamiza. Tinaika tokha, ndipo mlandu wace uli pa ife.

Yambani ndi ukwati. Mwamuna akwatira, mkazi akwatiwa. Wina acita, wina acitidwa, monga mlimi akolola ndi cimanga cikololedwa. Ncodabwitsa kuti tinena motero ngakhale pa cikamwini, pamene mwamuna ndiye asiya kwao, namanga nyumba pa mudzi wa mkazi, nalimira apongozi ace. Ine sindinena kuti mau awiriwa aletsedwe; palibe mfumu kapena Sinodi imene ingathe kuzula liu m'kamwa mwa anthu. Koma tiri nalo liu lacitatu, lathu lomwe, lakuti "kukwatirana", ndipo ndilo linena zoona za cimene cicitika patsogolo pa mpingo, pamene onse awiri afunsidwa, onse awiri nabvomera, onse awiri nalemba m'buku. Mkazi akakana, palibe ukwati. Nanga tinena bwanji ngati kuti iye sanacite kanthu?

Pali mau ena olasa koposa. Munthu akalimba mtima titi, Wacita camuna. Mkazi wamasiye akalera yekha ana asanu, nawaphunzitsa ndi ndalama za nsawawa ndi tomato, timtama kuti, Amai aja ndi mwamuna. Tiyesa kuti tampatsa ulemu. Koma tamuuza kuti kulimba mtima si kwace, wangobwereka. Ndipo mnyamata akalira timdzudzula kuti, Leka kulira ngati mkazi. Wamantha ndi mkazi, wofoka ndi mkazi, wosasunga cinsinsi ndi mkazi. Kodi alikumva ndani pamene tinena izi? Alikumva mlongo wace wa mnyamatayo, amene ali pomwepo pa mtondo. Palibe amene wamtukwana iye, koma waphunzira kuti dzina la cimene iye ali ndilo citonzo cimene amuna aopa. M'caka ca 1960, pamene Iain Macleod, nduna ya Britain, anafika ku Lusaka, Julia Chikamoneka ndi akazi anzace anaima pamaso pace mabere ali pamtunda, kufuna ufulu wa dziko lino. Kodi tidzati anacita camuna? Iai, anacita cacikazi ceniceni, ndipo kunali kulimba mtima. Ndiponso tonse tidziwa cifukwa cace mkazi woyembekezera titi ali ndi pakati. Akulu amasulira kuti ali pakati pa moyo ndi imfa. Palibe mwamuna anapitako. Ndipo za misozi, Davide analira, Petro analira, Ambuye wathu analira pa manda a Lazaro.

Nkhani yopanda pace tiicha za akazi. Pa bwalo mkazi akaturutsa nzeru, imveka bwino pokhapokha mwamuna ataibwereza. Cizolowezi cimeneci ncakale, ndipo si ca ife tokha. Josephus, wolemba mbiri ya Ayuda, analemba kuti umboni wa akazi suyenera kulandiridwa pa mlandu. Werengani tsono Luka 24. Uthenga woposa mauthenga onse, wakuti manda ali apululu, unapatsidwa poyamba kwa akazi, Mariya wa Magadala ndi Yohana ndi Mariya amace wa Yakobo. Ndipo atumwi khumi ndi mmodzi, amuna osankhika, anauyesa wopanda pace, sanaukhulupira. Mulungu anadziwa bwino mwambo wa Ayuda, nasankha dala mboni zimene bwalo la anthu likadazikana. Mkulu wa mpingo amene anena kuti "za akazi" ponyoza akumbukire kuti Kuuka kwa Ambuye kunayamba kumveka monga nkhani ya akazi.

Koma mau amene ndiyesa kuti aononga koposa onse ali ofatsa, opanda mwano. Funsani mwamuna kuti, Akazi anu acita ciani? Adzayankha kuti, Sagwira nchito, angokhala. Tiyeni timuone wongokhalayo. Adzuka tambala woyamba, nasesa, napita kudambo kapena ku mjigo ndi mgomo wa malita 20, umene ulemera makilogalamu 20 pa mutu. Abwera, nakoleza moto, natenga khasu kunka kumunda mwana ali kumbuyo. Alima mzere ndi mzere pamodzi ndi mwamuna wace. Poweruka mwamuna anyamula khasu ndi nkhwangwa, mkazi asenza nkhuni ndi ndiwo. Mwamuna akhala pa mthunzi kudikira nsima, mkazi ayamba nchito yaciwiri. Pa matenda ndiye agona pansi m'cipatala pambali pa wodwala. Pa maliro ndiye aphika. Ndipo dzina la zonsezi ndilo "kungokhala". Cifukwa cace ncakuti pamene ndalama inafika m'dziko, ndi msonkho, ndi ulendo wa amuna kunka ku migodi ndi ku mapulazi, liu lakuti nchito linasamuka, linakakhala kumene kuli malipiro a pa mwezi.

Wina adzati, Nanga pali cobvuta canji, si mau cabe? Dikirani tsiku la maliro a mwamunayo. Abale ace afika, nawerenga ng'ombe, ngolo, njinga, malata a pa denga, ndi mbale zomwe. Ndipo mkazi akatsegula pakamwa amfunsa kuti, Iwe unagula ciani muno? Unali pa nchito yanji? Mau aja amene mwamuna wace ananena moseka zaka makumi awiri asanduka ciweruzo, ndipo wamasiye aturuka ndi mphasa ndi ana. Kulanda cuma ca masiye kunakula m'dziko lino kufikira boma linaika lamulo m'caka ca 1989, la munthu wakufa wosasiya kalata wogawa cuma cace: pa K100 iri yonse, K50 ipita kwa ana, K20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, K20 kwa makolo a wakufayo, ndi K10 kwa ena amene anali kuwasunga. Koma lamulolo silifika pa minda ya m'manja mwa mafumu, kumene ambiri a ife tikhala. Ndipo ngakhale pamene lifika, mkazi amene anauzidwa moyo wace wonse kuti angokhala acita manyazi kukadandaula. Pang'onopang'ono ndi mtolo, anatero akulu. Ndipo mtolo wa timau timeneti usenzedwa pa mutu wa wamasiye.

Pa chimo la cigololo lilime lathu likhala ndi miyeso iwiri. Mkazi wacimasomaso ali nalo dzina lace lonyansa, limene ana omwe alidziwa, ndipo limtsata kufikira kumanda. Mwamuna wocita zomwezo tingoti, Ngoyendayenda, ndipo ena anena monyadira kuti, Mwamuna ndi kabudula, athera moyenda. Amene ati mau awa ndi nzeru ya makolo ayambe atiuza kuti makolo a nyanda ndi zikopa anamuona kuti kabudula. Mtsikana akatenga mimba titi waonongeka, monga mphika wosweka. Mnyamata amene anali naye sanaonongeke, akwao angolipira. Kufikira caka ca 1997 mtsikana wotere anali kucotsedwa sukulu osabwereranso, pamene boma linalola kuti abwerere atabala. Pa Yohane 8 alembi ndi Afarisi anadza kwa Yesu ndi mkazi wogwidwa m'cigololo. Koma cigololo sicicitwa ndi munthu mmodzi, ndipo cilamulo cimene iwo anatsamira, pa Levitiko 20:10, cichula onse awiri. Mwamunayo anali kuti? Funso limeneli liyenera kumveka m'bwalo liri lonse la akulu a mpingo pamene mtsikana aimikidwa yekha kuti aikidwe pa cilango.

Za maina nzacifupi. Kale mkazi wa pfuko la Banda anali Nabanda asanakwatiwe, Nabanda m'nyumba ya Aphiri, Nabanda pa tsiku la maliro ace. Cizolowezi cakuti mkazi ataye dzina la kwao nabvale la mwamuna cinadza ndi Azungu ndi mabuku ao a kaundula. Cotero amene akana nkhani yonseyi kuti nja Azungu ayenera kusankha bwino. Pakuti pano cacilendo ndico cinacotsa dzina la mkazi, ndipo cathu ndico cinalisunga. Momwemonso pa guwa tizolowera kunena kuti, Abale ndi alongo, potanthauza amuna ndi akazi. Mau amenewa ali oona m'kamwa mwa mwamuna. Koma mai wa Cigwirizano akaima kulalikira, alongo ace enieni ndiwo amuna ali apowo. Liu limene linayenda uku ndi uku taliimika pamene paima mwamuna. Ndipo m'mipingo imene inayamba kudzoza akazi munabuka cisokonezo coseketsa: "amai busa" ndi kale lomwe atanthauza mkazi wa mbusa, tsono mai amene ali mbusa mwini wace achedwa "mbusa wamkazi", pamene palibe anamvapo za "mbusa wamwamuna". Paulo sanabvutike motero. Pa Aroma 16:1 anachula Febe ndi liu lomwelo la Cigriki, diakonos, limene anadzichula nalo iye mwini m'makalata ena.

Ndidziwa kuti pali abale oopa Mulungu amene mtima wao uli ndi nkhawa yoona. Iwo ati, Kodi Malembo sanena kuti mwamuna ndiye mutu, ndi kuti mkazi analengedwa womthangatira? Inde anena, ndipo sitidzafafaniza. Koma tiwerenge bwino. Pa Genesis 1:27 cifanizo ca Mulungu cipatsidwa kwa onse awiri pamodzi, osati cacikulu kwa wina ndi cotsala kwa wina. Liu la Cihebri limene limasuliridwa wothangata pa Genesis 2:18 ndilo ezer, ndipo m'Cipangano Cakale kawirikawiri linena za Mulungu mwini, monga pa Salmo 121. Limvekanso m'dzina la Ebenezeri, mwala umene Samueli anaimika. Kodi Mulungu pothandiza Israyeli anasanduka wanchito wa Israyeli? Ife tamva "wothangata" ndi makutu a pa nchito ya Mzungu, monga kapitao ndi womthandiza wace. Koma wothangata wa m'Malembo ndiye amene popanda iye ugwa. Ndipo pa Aefeso 5, mtumwi asananene za kumvera kwa akazi, ayamba walamulira Akristu onse kumverana. Ndipo umutu umene apatsa mwamuna aufanizira ndi wa Kristu, amene anasambitsa mapazi nafera mpingo. Mwamuna amene afuna dzina la mutu alandire ndi mtanda wace womwe. Akumbukirenso mwambi wa kwathu, kuti mutu umodzi susenza denga.

Sindigwirizana ndi onse amene alankhula m'dzina la ufulu wa akazi. Alipo amene anena ngati kuti kubala ndi kulera ndi ukapolo, ndipo potero acepsa amai athu kuposa amuna amene awatsutsa. Aliponso amene ayesa kuti kukonza mau ndiko kutha nchito. Mwamuna angathe kuphunzira mau onse okoma a ku msonkhano wa jenda, nalandira ndalama ya cakudya, nabwera kwao kudzamenya mkazi usiku womwewo; ndipo lamulo loletsa nkhanza za m'banja la caka ca 2011 silinaikidwe cifukwa ca mau okha. Dziko lino linaona Inonge Wina akhala waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko m'caka ca 2015, ndi Irene Mambilima akhala mkulu wa oweruza onse caka comweco, koma mgomo wa madzi sunapepuke pa mutu wa mkazi wa kumudzi. Komabe Yakobo afanizira lilime ndi tsigiro laling'ono limene litembenuza ngalawa yaikulu, ndipo Ambuye pa Mateyu 12:36 acenjeza kuti mau opanda pace omwe adzawerengedwa tsiku la ciweruzo. Dzanja silimenya munthu amene pakamwa pamlemekeza ndi mtima wonse. Liyamba lilime kumcepsa, dzanja litsata.

Patsala timau tiwiri, tating'ono koposa tonse, "iwe" ndi "inu". M'nyumba zambiri mkazi ati kwa mwamuna wace, Inu, atagwada. Mwamuna nayankha kuti, Iwe, ali cikhalire. Ena a masiku ano afuna kulinganiza cimeneci pophunzitsa mkazi kunena iwe, ndi kuleka kugwada. Ine ndiyesa kuti alakwitsa njira. Ulemu ndi cuma ca mtundu wathu, ndipo sitilinganiza anthu awiri pakulanda amene ali naco. Tipatsa amene alibe. Akulu ambiri akale anadziwa ici: nkhalamba inali kuitana mkazi wace kuti, Anaphiri, kapena, Amace uje, bwerani kuno, ndipo umuna wace sunacepe. Anyamata ena adzati, Iwe wathu ndi wa cikondi. Cabwino, ngati onse awiri anena iwe, ndi ngati liu lace limveka cimodzimodzi pamaso pa alendo ndi pamene ndiwo zapsyerera. Koma kawirikawiri sizitero. Mwamuna yemweyo apatukira m'chire kupatsa njira apongozi ace. Anena inu kwa mfumu, kwa mphunzitsi, kwa wogula thonje, ndi kwa mwana wace wamkazi amene wangotha cinamwali. Madzulo mlendo afika ndi mnyamata wace wa zaka 15, ndipo mwini nyumba apfuula kuloza kukhichini kuti, Iwe, fulumira ndi madzi. Natembenukira kwa mnyamatayo nati, Sambani, Atembo.